Fomula yanga ya juwisi wa malambe ndiigawe kapena ndiibise?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Balaka, ndangolifupikitsa: "Ndimapanga juwisi wa malambe, ndipo nditavutika nthawi yaitali ndinapeza kapangidwe koti amakhala miyezi osasasa komanso ufa sudikha pansi pa botolo. Pano bungwe lina likufuna ndikaphunzitse magulu a amayi, ana a ku yunivesite nawonso akufuna alembe kafukufuku wawo pa njira yangayi. Bambo a kunyumba akuti ndisayerekeze, anthu andilanda msika. Abusa athu akuti nzeru ndi mphatso ya Mulungu, sitibisa. Kodi nzeru za sayansi ndi za bizinesi nzoyenera kugawa ulele kapena kuziteteza?"

Achemwali, bambo a kunyumbawo sakulakwa ndipo abusawo sakunama, kungoti aliyense akukamba mtundu wake wa nzeru. Ine pankhaniyi ndili ndi mbali ndithu, sindibisa. Nzeru imene ikabisidwa munthu amadwala kapena kufa, imeneyo igawidwe basi palibe zokambirana, chimodzimodzi imene inalipiridwa ndi misonkho ya anthu. Koma nzeru imene munaipeza nokha ndi ndalama zanu, yomwe ikulipira fizi ya ana anu ndipo palibe amene afe chifukwa choti simunamuuze, muli ndi ufulu wonse kuisunga, ndipo tsiku limene mwafuna kuigawa muigawe pepala lili m'manja, chifukwa munthu wochepa mphamvu akagawa popanda pepala amene amalemera nayo ndi wina.

Ndiyambe ndi ma ARV poti nkhani imeneyi tonse inatikhudza, palibe banja kuno kwathu limene silinaike maliro zaka zimene zija. Mankhwala atatu ophatikiza ofooketsa kachilombo ka HIV anayamba kugwiritsidwa ntchito ku America ndi ku Ulaya cha m'ma 1996, anthu amene anali gone pabedi anadzuka nkubwerera ku ntchito, ife kuno okhoma mabokosi ndi amene bizinesi inkawayendera. Mankhwala analipo, nzeru inalipo, koma mtengo wake unali madola 10,000 mpaka 15,000 munthu mmodzi pachaka, osati chifukwa choti kupanga piritsi kunali kodula choncho ayi, koma chifukwa cha patenti. Patenti ndi chikalata chimene boma limapatsa munthu kapena kampani yomwe yatulukira chinthu chatsopano, kuti kwa zaka 20 wina asachipange kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake, nde mukudziwa munthu akakhala yekha pamsika mtengo amatchula yekha.

Mu February 2001 kampani ya ku India ya Cipla, mkulu wake Yusuf Hamied, inauza bungwe la madokotala othandiza anthu la Médecins Sans Frontières kuti iwagulitsa mankhwala atatu pa madola 350 pachaka, kusakwana dola imodzi patsiku. Anatha bwanji? Lamulo la ku India la 1970 silinkapereka patenti pa mankhwala enieniwo, linkangoteteza njira yopangira, nde akatswiri a kumeneko ankafufuza njira yawoyawo nkutulutsa mankhwala omwewo. Ndipo pali china chimene anthu ambiri sachidziwa. Triomune uja tinayambira kuno boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004 ndi ndalama za Global Fund, munali stavudine, lamivudine ndi nevirapine mu piritsi limodzi, ndipo atatuwa anali m'manja mwa makampani atatu osiyana aliyense ndi patenti kapena layisensi yake, moti eni akewo sakanatha kuwaika pamodzi asanagwirizane kaye. Amene sanamangidwe ndi patenti ndi amene anaphatikiza. Tangoganizani kachipatala ka kumudzi komwe kuli namwino mmodzi anthu ali pamzere mpaka panja, piritsi limodzi m'mawa limodzi madzulo ndi limene linapangitsa kuti zitheke, akanakhala mabotolo atatu osiyana, lina latha lina lilipo, ndikukuuzani tikanaika anthu ambiri kuposa amene tinaika.

Ku South Africa boma la Nelson Mandela litakhazikitsa lamulo mu 1997 loti lizitha kugula mankhwala kumene ndi otchipa, makampani a mankhwala 39 analitengera ku khoti. Anthu a Treatment Action Campaign, ambiri mwa iwo odwala eni ake, anadzadza misewu ya Pretoria, dziko lonse lapansi linayamba kuwalozera chala makampaniwo, mu April 2001 anachotsa mlandu. Chaka chomwecho mu November ku Doha, mayiko a mu World Trade Organization anavomereza kuti malamulo a patenti asamatchinge boma kuteteza thanzi la anthu ake. Mpaka pano mayiko osaukitsitsa ngati Malawi, Zambia ndi Mozambique sakakamizidwa kulemekeza patenti ya mankhwala kufikira 2033.

Chimene chimandipweteka kwambiri mu nkhani imeneyi ndi funso loti analipira kafukufukuyo ndani. AZT, mankhwala oyamba a HIV, anapangidwa koyamba mu 1964 ndi Jerome Horwitz ku Michigan pa ndalama za boma, nthawi imeneyo akufuna mankhwala a khansa, ndipo akatswiri a boma la America ndi amene anathandiza kuwayesa pa HIV, koma atafika pamsika mu 1987 mtengo unali pafupifupi madola 10,000 pachaka. Stavudine patenti yake inali ya yunivesite ya Yale, zinatengera ana a sukulu pomwepo kuchita phokoso mu 2001 kuti amasulidwe ku South Africa. Anthu kulipira kafukufuku ndi misonkho, kenako kulipiranso kuti apeze chimene chinatuluka mu kafukufukuyo, zimenezo ine sindingazivomere olo mutandifotokozera bwanji. Nchimodzimodzi ndi kafukufuku amene amachitikira mu zipatala zathu, magazi ndi a ana athu, amayi athu ndi amene anasaina mafomu, kenako lipoti lake likutuluka mu magazini ya akatswiri ya kunja yoti kuti uwerenge nkhani imodzi ulipire madola 30 kapena 40, dokotala wa pa boma amene anatenga magaziwo osaiona nkomwe. Bola pano kuli pologalamu ya HINARI imene a WHO anayambitsa mu 2002 yopereka mwayi kwa mayiko osauka kuwerenga ulele, ndipo Malawi Medical Journal aliyense amatsegula pa intaneti osalipira. Mbewu nazonso taonani, mtedza wa CG7 unadutsa mu kafukufuku wa ku Chitedze, mbatata ya Zondeni anthu amangopatsana kholowa pamunda, palibe amene amafunsa lisiti, ndipo zili bwino choncho chifukwa ntchito imeneyo inali ya tonse.

Koma musanditenge ngati ndikuti patenti ndi yoipa yonse. Kupeza mankhwala atsopano kumadya ndalama zoopsa, mwa mankhwala khumi amene amafika poyesedwa pa anthu pafupifupi asanu ndi anayi amagwa panjira, nde amene waika ndalama zake akadziwa kuti mawa lake wina akopera nkugulitsa motchipa, sadzaikanso, ndipo ife tidzakhala ndi mankhwala akale okhaokha kachilombo katawazolowera. Komanso patenti si kubisa monga ambiri amaganizira, kuti akupatse umayenera kulemba zonse mmene chinthucho chimapangidwira, zimasindikizidwa aliyense nkuwerenga, zaka 20 zikatha ndi cha aliyense. Njira imene yaoneka kuti ikugwira ndi ya pakati. Bungwe la Medicines Patent Pool linakhazikitsidwa mu 2010 ku Geneva, eni patenti amapereka layisensi kumeneko kuti makampani ena azipanga mankhwalawo motchipa nkumagulitsa ku mayiko osauka, iwo nkupitiriza kudya phindu lawo ku mayiko olemera. A kampani ya ViiV anapereka mankhwala awo a HIV a dolutegravir mu 2014, pofika 2017 piritsi lophatikiza la tsiku ndi tsiku linali pa madola 75 pachaka, ndipo ndi limene anthu ambiri kuno anasinthira kuyambira 2019. Mwini wake sanataye umwini, anangosankha kuti uyu alipire zambiri, uyu zochepa, ndipo zonse zinalembedwa. Mfundo imeneyi muigwire, tibwererako pa juwisi wanu.

Tsopano abusa aja. Amati kupatsa nkuika, ndipo nzoona pakati pa anthu ofanana mphamvu, koma ndikupatseni zimene zinachitika mu November 2021. Akatswiri a ku Botswana motsogozedwa ndi Sikhulile Moyo, mbadwa ya ku Zimbabwe, ndi anzawo a ku South Africa a gulu la Tulio de Oliveira, anaona mtundu watsopano wa Covid, uja anadzautcha Omicron. Sanabise, anaika zonse poyera ndipo a WHO anauzidwa pa 24 November, masiku ochepa okha ndege zinayamba kuletsedwa, Britain inaika Malawi, Zambia ndi Mozambique pa mndandanda wake wofiira, America nayo inatseka mayiko asanu ndi atatu Malawi ali momwemo, abale athu amene anasunga ndalama chaka chonse kuti adzadye Khrisimasi kumudzi anatsala ndi matikiti m'manja. Pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera, yemwe analinso wapampando wa SADC, ananena poyera kuti ziletsozo sizinachokere pa sayansi koma kusala anthu a mu Africa, ndipo patapita masiku zinadziwika kuti ku Netherlands Omicron analiko kale chilengezo chisanachitike. Zili ngati munthu waona moto wolusa nkukuwa kuti mudzi udzuke, anthu nkumutsekera panja kuti ndiwe wabwera ndi moto. Nthawi yomweyo katemera amene amapangidwa mothandizidwa ndi uthenga waulele ngati umenewu anali wotsekeredwa, India ndi South Africa anapempha mu October 2020 kuti patenti iyambe yaimikidwa, anakokanakokana mpaka June 2022 nkutuluka ndi kachigamulo kochepa mliri utadutsa kale pachimake. Akatswiri aja anachita bwino kugawa, ndipo zitachitikanso agawenso, miyoyo inali pachiswe. Cholakwika chinali choti mbali imodzi inapereka zonse popanda pangano lililonse loti ibwezeredwa chani.

Nkhani yofanana kwambiri ndi yanu ndi ya anthu a mtundu wa San ku chipululu cha Kalahari. Iwo kuyambira kalekale ankatafuna chomera cha hoodia akamapita kosaka kuti asamve njala. Bungwe la kafukufuku la boma la South Africa la CSIR linafufuza chomeracho, m'zaka za m'ma 1990 linatenga patenti nkupereka layisensi kwa kampani ya ku Britain ya Phytopharm kuti apange mankhwala ochepetsa thupi, eni nzeru osadziwa kanthu. Zitaululika ndi pamene anakhala pansi, mu 2003 anasainirana kuti a San azilandira gawo, ngakhale pamapeto pake mankhwalawo sanafike pamsika ndipo ndalama zinali zochepa. Koma phunziro linalowa, moti pa tiyi wa rooibos anasainirana mu 2019 kuti a San ndi a Khoi azilandira 1.5 peresenti ya mtengo umene alimi amagulitsira, ndipo mu 2022 analandira ndalama zoyamba zoposa ma rand 12 miliyoni. Mu May 2024 mayiko anagwirizana ku WIPO, bungwe loona za patenti padziko lonse, kuti wopempha patenti pa chinthu chochokera ku zomera kapena ku nzeru za makolo aziulula kumene anazitenga, ndipo dziko loyamba kuvomereza panganoli mwalamulo linali Malawi, mu December chaka chomwecho. Ndiye boma lanu lomwe likuti nzeru za kumudzi zisamangotengedwa ngati za m'tchire.

Tibwere pa juwisi. Choyamba ndikuuzeni mosapsatira kuti patenti mwina simungaipeze ndipo sindikuona kuti mukuifuna. Kuti chinthu chipatsidwe patenti chiyenera kukhala chatsopano padziko lonse osati ku Balaka kokha, pomwe kutenthetsa chakumwa kuti tizilombo tife kunadziwika kuyambira nthawi ya Louis Pasteur m'ma 1860, mankhwala osungira zakumwa ngati sodium benzoate ndi potassium sorbate ali mu buku lililonse la za zakudya, ndipo malambe pawokha ndi owawasa zomwe zimathandiza kale kuti asaonongeke msanga. Kuonjezera apo ndalama za maloya, zolembetsera ndi zolipira chaka ndi chaka kaya ku ofesi ya boma yolembetsa patenti kaya ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa patenti lomwe lili ku Harare, zikhoza kudya mpamba wanu wonse, nkukhalanso mwaulula fomula yonse papepala loti aliyense awerenge, wina akakopera kuti mumusumire ndi ndalama zinanso. Ngati mukukhulupirira ndithu kuti pali kachipangizo kapena kanjira kamene palibe anakapangapo, pitani kwa loya wa zimenezi ana a yunivesite aja asanasindikize kalikonse, chifukwa chinthu chikangotuluka poyera, olo pa Facebook, sichitengedwanso ngati chatsopano.

Chimene muli nacho ndi chinsinsi cha bizinesi, ndipo chinsinsi sichilembetsedwa kulikonse, chimakhala chanu kwa nthawi yonse imene mukuchisunga. A Coca-Cola fomula yawo sanaitengere patenti, angoisunga zaka zoposa 100. Koma apa pali malire amene sindikufuna muwadumphe. Zimene mwathira mu botolo si chinsinsi, ziyenera kulembedwa pa lebulo, a Malawi Bureau of Standards akabwera kudzayendera ndi kuyeza musawabisire, chifukwa akumwa juwisiyo ndi ana a anthu, ena ali ndi shuga, ena thupi lawo limadana ndi zinazake, ndipo mankhwala osungira aja ali ndi mlingo wake umene sudutsidwa. Chinsinsi chanu ndi milingo, chimene chimayamba kulowa mu poto ndi chimene chimatsiriza, mphindi zimene mumasiya pamoto, kasefedwe, ndi mudzi umene mumagula malambe abwino. Zimenezo zilembeni mu kope lanu ndi madeti ake, antchito aliyense adziwe gawo lake lokha, kusakaniza komaliza muzichita nokha kapena ndi munthu mmodzi amene wasaina kuti sakaulula.

Ndipo chinthu chimene ndingakukakamizeni kuti muchite mwezi uno ndi kulembetsa dzina ndi chizindikiro cha juwisi wanu ku ofesi ya boma yolembetsa mayina ndi zizindikiro za malonda. Fomula anthu adzaipeza ndithu, wina adzayesayesa mpaka adzafika pamene munafika inu, ndipo lamulo silimuletsa ngati wapeza yekha osakuberani. Koma dzina lolembetsa sangalitenge. Taonani Nali, tsabola aliyense amamudziwa ndipo mayi aliyense angathe kusinja wake, koma Mmalawi wa ku Johannesburg kapena ku Leicester akamatuma munthu amatchula dzina, satchula zosakaniza. Makasitomala anu akadzazolowera kuti botolo la dzina lakuti silisasa, msika umenewo ndi wanu olo pabwere ena khumi.

Amayi aja kawaphunzitseni, ndikunena ndi mtima wonse, koma mudziwe chimene mukukaphunzitsa. Kutsuka mabotolo, kuwiritsa madzi, kusankha malambe opanda nkhungu ndi anankafumbwe, kutenthetsa juwisi nkutseka akadali wotentha, mlingo wa mankhwala osungira umene ndi wosaopsa, kulemba deti pa botolo, zimenezi muwapatse zonse osasiyako, ndi nzeru ija ndinati ikabisidwa munthu amadwala. Zikuthandizaninso inu nomwe, chifukwa tsiku limene ana a pa sukulu ina adzatsekule m'mimba ndi juwisi wa malambe wa munthu wina, makolo sadzafunsa kuti anapanga ndani, adzangoti za malambezi ayi, nonse mwagwa. Msika umakula anthu akagwirana manja pa zinthu ngati zimenezi, ufa wa malambe unaloledwa kugulitsidwa ngati chakudya ku Ulaya mu 2008 chifukwa bungwe la PhytoTrade Africa linasonkhanitsa opanga a mayiko a kuno kummwera, Malawi ali momwemo, nkutolera umboni woti ndi chakudya chabwino, palibe mayi mmodzi akanakwanitsa yekha. Koma kanjira kanu koletsa ufa kudikha, kameneko si ka mu maphunziro aulele. Ndipo bungwelo likulipireni, musachite manyazi kutchula mtengo, iwo ali ndi bajeti ya maphunziro, wobwera pa galimoto amalandira alawansi, wa holo amalipidwa, wophika nsima amalipidwa, nde mwini nzeru yekha ndi amene apite ndi zikomo? Mulemberane kuti muphunzitsa chakuti ndi chakuti, ndipo ngati akufuna kujambula vidiyo kapena kusindikiza kabuku dzina lanu likhalepo ndipo muone kaye zimene alembamo. Ngati gulu lina la amayi, tinene la ku Neno kapena ku Salima kumene inu simufikako, likufuna fomula yonse, chitani zomwe anachita a dolutegravir zija, apatseni chilolezo cholemba kuti azipanga m'dera lawo lokha pansi pa dzina lanu kapena muziwagulitsa zosakaniza zosakaniziratu, iwo azikupatsani kangachepe pa kireti iliyonse. Iwo apeza ndalama, inu mwafika kumene miyendo yanu sikanafika.

Ana a yunivesite musawathamangitse, akhoza kukupatsani chinthu chimene mulibe, chomwe ndi labu. Inu mukuti juwisi amakhala miyezi chifukwa mwamulawa, iwo angakuyezereni kuti muli tizilombo tingati pakatha mwezi, pakatha miyezi itatu, vitamini C watsala wochuluka bwanji, ndipo pepala limenelo ndi limene mudzalowere nalo mu masitolo akuluakulu. Koma asanagwire botolo, abwere ndi kalata ya ku sukulu kwawo yosainidwa ndi mphunzitsi amene akuwayang'anira, osati mwana wa sukulu yekha chifukwa iyeyo chaka chamawa wamaliza wapita. Mu kalatamo mulembedwe kuti ayeza juwisi wopangidwa kale osati kuima pambali pa poto mukuphika, kuti zotsatira zonse akupatsani, kuti milingo yanu siilowa mu lipoti, kuti muwerenga lipotilo lisanaperekedwe, ndipo ngati mu kafukufukuyo mutatuluka chinthu chogulitsika inu muli ndi gawo. Akayankha kuti mayi musadandaule timadziwana, auzeni mwaulemu kuti akabwere nayo kalatayo Lolemba, mabotolo akhala akuwadikira mu fuliji.